Mapulateleti aikidwa dzulo, lero atha: akupita kuti?

Amake Dalitso: Odi kuno abale. Pepani ndalowa ndi nkhani ya matenda m'mawa uno. Mng'ono wanga wagonekedwa m'chipatala. Zinayamba ndi timadontho tofiira m'miyendo, tosanyerenyetsa, kenako nkhama kutuluka magazi akamatsuka mano, ndiye msambo wabwera wosaleka. Atamuyeza anati mapulateleti, timaselo tothandiza magazi kuundana kuti asiye kutuluka, ali pa 6. Dzulo madzulo anamuika thumba limodzi la mapulateleti, madzi achikasu aja, lero ayezanso akuti ali pa 7. Tapempha kuti amuikenso, abale tilipo ambiri oti tipereke magazi, koma adokotala akana, akuti prednisolone ndiye agwire ntchito. Munthu magazi akutha mumampatsa mapiritsi? Odziwa tithandizeni. Amayi ku Katete akungolira pa foni.

A Zulu (oyang'anira gulu): Pepani amake Dalitso. A Tembo, Sisita Mwale, bwerani kuno, nkhaniyi ndi yanu.

Malume Sakala: Pepa mwana wanga. Musamangodikira achipatala. Pitani ku msika wa Soweto mukagule beetroot, mufinye, azimwa m'mawa ndi madzulo. Chiwindi cha ng'ombe, bonongwe, nkhwani wotendera. Magazi amabwera ndi chakudya. Ena akutinso masamba a papaya.

A Tembo: Ndabwera. Amake Dalitso, ine ndine wa ku labu, amene akumuona wodwalayo ndi adokotala ake, choncho zanga muzitenge ngati zokuthandizani kumva zimene iwo akuchita. Musaike pepala lake pano, lili ndi dzina. Ingondiwerengerani: Hb, mlingo wa magazi ofiira uja, ili pa chiyani? WBC, chiwerengero cha maselo oyera? Malungo ndi HIV anayeza? Nanga asanayambe kudwala ankamwa mankhwala ena alionse, ngakhale a zitsamba?

Amake Dalitso: Hb 9.4, WBC 6.1. Malungo alibe, HIV alibe, hepatitis alibe. Mankhwala ndi Brufen basi, amamwa akakhala kumwezi chifukwa cha m'mimba. Pa fayilo alemba ITP, kutsogolo kwake chizindikiro cha funso.

Sisita Mwale: Brufen ameneyo achoke m'chikwama lero lomwe. Aspirin, diclofenac, ndi timapaketi ta mankhwala a mutu ta pa kantemba timene simudziwa zili m'katimo, zonse ayi. Zimafooketsa mapulateleti ochepa amene atsalawo. Ululu ukavuta ndi Panadol. Jakisoni wa pathako asalole, amasiya chotupa cha magazi m'kati mwa mnofu. Mswachi ukhale wofewa.

A Tembo: Sisita anena zofunika kuposa zanga. Tsopano nambala ija. 6 ameneyo akutanthauza mapulateleti 6,000 m'kadontho kamene timakatcha maikulolita. Munthu wabwinobwino amakhala nawo pakati pa 150,000 ndi 450,000, ndipo ITP, matenda amene chitetezo cha m'thupi chimawononga mapulateleti a mwini thupi, timayamba kuiganizira akatsika pansi pa 100,000. Chizindikiro cha funsocho chili m'malo mwake, chifukwa ITP ilibe kuyeza kumodzi koti makina anene kuti ndi imeneyi. Dzinalo limabwera titachotsapo zina zonse: malungo, HIV, hepatitis C, lupus, mankhwala, khansa ya m'magazi. N'chifukwa chake ndinafunsa za WBC. Maselo oyera akakhala bwino, Hb n'kukhala yangotsika ndi msambowo, mtima umakhalako pansi. Timapakanso magazi pa galasi n'kuyang'ana ndi maso pa maikulosikopu, chifukwa kwa anthu ena mapulateleti amaundana m'kabotolo ka chivindikiro chapepo kaja, makina n'kuwerenga ochepa pomwe munthu ali nawo okwanira. Koma apa nambala ndi zizindikiro zikugwirizana.

Malume, beetroot ndi chiwindi sindikuzinyoza. Hb ya 9.4 ikufuna ayironi ndithu, adye. Koma ayironi amamanga maselo ofiira. Mapulateleti ndi nkhani ina. Amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, amakhala m'magazi masiku 7 mpaka 10, akakalamba kapamba amawachotsa. Mu ITP vuto lalikulu si kusowa zomangira. Chitetezo cha m'thupi chasokonezeka, chikupanga ma antibodi amene akumata pa mapulateleti a mwini thupi. Kapamba akaona pulateleti yomatidwa amaimeza osafunsa, ngakhale yapangidwa m'mawa womwewo. Ma antibodi omwewo amakavutitsanso maselo amene amabala mapulateleti m'mafupamo.

Ndiye thumba la dzulo lija. Malo amene ma antibodi amagwira, puloteni yotchedwa GPIIb/IIIa kapena ina ya GPIb/IX, ali pa mapulateleti a munthu wina aliyense, anu amake Dalitso, anga, a malume. Kuika thumba lina kuli ngati kugula anapiye atsopano n'kuwatsekera m'khola momwe vumbwe wagona. Maola ochepa atha. Prednisolone ndi amene akulimbana ndi vumbweyo: amachepetsa kumeza kwa kapamba ndi kupanga kwa ma antibodi.

Amake Dalitso: Nanga bwanji dzulo anamuika, ngati n'zopanda ntchito?

A Tembo: Si zopanda ntchito. Munthu akamataya magazi kwambiri, kapena akaopsa kuti akukha magazi m'mutu, thumba limaikidwa kuti mapulateletiwo akatseke potulukapo kwa maola ochepawo, pomwe mankhwala akuyamba kugwira. Nambala siikwera koma magazi amatha kuchepa kutuluka. Kungoti simungamaike tsiku ndi tsiku pofuna kukongoletsa pepala la ku labu, ndipo thumba lililonse lili ndi ngozi zake. Funso lofunsa adokotala lero ndi lakuti magazi akuchepa kutuluka kapena ayi.

Sisita Mwale: Ndipo inu amene mukugona naye, izi mukaziona muthamangire nesi nthawi yomweyo, usiku kaya masana: mutu waukulu wosaleka, kusanza, kusokonezeka kapena kugona kosadzuka bwino, kuona zinthu ziwiriziwiri, chimbudzi chakuda bii, mkodzo wofiira, matuza a magazi m'kamwa. Za msambo mufunse ngati ampatsa tranexamic acid, mankhwala ochepetsa kutaya magazi, kapena mapiritsi oimitsa msambo. Asamadzuke yekha kupita kubafa, kugwa ndiye koopsa.

Chikondi Phiri: Makolo, ndiponyeko kamodzi. Ife ku sukulu ya zachipatala ku Ridgeway anatiphunzitsa m'mene zinadziwikira kuti vuto lili m'madzi a magazi. Mu 1950 ku St. Louis ku America, dokotala wachinyamata William Harrington anatenga magazi a mayi wodwala ITP n'kudziika yekha m'thupi, mnzake James Hollingsworth akumuthandiza. Pa maola ochepa mapulateleti ake anagwa, anakomoka, anagonekedwa m'chipatala momwe ankagwira ntchito. Patapita masiku angapo anabwerera mwakale. Apo m'pamene anaona kuti m'magazi a wodwala muli chinthu chimene chimawononga ngakhale mapulateleti a munthu wabwinobwino. Analemba zimenezi mu 1951. Matendawo okha anafotokozedwa kale ndi Paul Werlhof mu 1735.

Malume Sakala: Ameneyo akanakhala mwana wanga ndikanamulanda satifiketi. Kudziika matenda dala!

Chikondi Phiri: Lero palibe komiti ingamulole malume. Koma yankho la funso la amake Dalitso linachokera pa misala yakeyo.

Nabanda wa ku Matero: Amake Dalitso, ine ndine mwini wake wa matenda amenewa, ndakhala nawo zaka. Ndikuuzeni zimene madokotala sakhala ndi nthawi yokuuzani. Prednisolone amagwira, koma samagwira tsiku lomwelo, mumpatse masiku, ena mpaka milungu iwiri. Akagwira, konzekani. Njala yake si yamasewera, nsima ya anthu awiri ndinkamaliza ndekha. Nkhope inatupa mpaka ku tchalitchi anayamba kundifunsa kuti ndi miyezi ingati. Tulo kusowa, mtima kupsa msanga, ana anga ankathawira kwa aneba. Shuga ndi BP aziyeza. Chachikulu, asadzasiye yekha mwadzidzidzi chifukwa waona nkhope yatupa. Amatsitsa pang'onopang'ono ndi adokotala.

Manje china chimene chinandivuta kumvetsa. Ine mapulateleti anga sanafikeponso pa 150. Amayenda m'ma 40, m'ma 60, ndipo adokotala anandiuza kuti cholinga si kufika pa 150, cholinga ndi kusakha magazi. Ndimagulitsa salaula, ndimakwera minibasi, ndili moyo. Kale ndinkayezetsa mlungu uliwonse, nambala ikatsika ndi 5 sindinkadya. Zinandidwalitsa kuposa matendawo.

A Tembo: Nabanda wanena zoona. Kwa akuluakulu, mankhwala amayambidwa nambala ikakhala pansi pa 30 kapena munthu akamakha magazi. Pamwamba pa apo ambiri amangoyang'aniridwa. Ndipo masiku ano prednisolone safuna kumupereka miyezi yambirimbiri, chifukwa amadya mafupa, amabweretsa shuga, ndipo kuno kwathu amatha kudzutsa TB imene inagona. Madokotala ena amasankha dexamethasone, 40 mg masiku 4, n'kupumira.

Mercy Nyirenda: Wanga wa zaka 5 zinamuchitikira atangochira chimfine. Mikwingwirima thupi lonse, kusukulu mpaka anandiitana kuganiza kuti ndimamumenya. Sanampatse mankhwala alionse, anangoti asakwere mitengo, asasewere mpira, tizibwera kudzayeza. Ndinakwiya kwambiri tsiku limenelo. Miyezi itatu isanathe anali bwino.

Sisita Mwale: Ana ambiri zimatero amake mwana, zimabwera pambuyo pa kachilombo ka chimfine, n'kutha zokha. Akuluakulu ndiye zimakonda kukhalitsa. Zikapitirira miyezi 12 amati zakhazikika.

Amake Dalitso: Nanga prednisolone akakana? Pepani mafunso achuluka, mutu wanga sukugwira.

A Tembo: Funsani, gulu ndi lomweli. Njira zilipo. Pa changu pali IVIG, ma antibodi osonkhanitsidwa kwa anthu ambirimbiri opereka magazi, amalowa pa diripi. Amatangwanitsa kapamba, mapulateleti n'kupeza mpata, nambala imakwera pa tsiku limodzi kapena awiri. Anayamba kuigwiritsa ntchito pa ITP ndi Paul Imbach ku Bern mu 1981. Koma mphamvu yake imatha pa milungu ingapo, ndipo mtengo wake ndi woti banja likhale pansi. Za nthawi yaitali pali rituximab, amene amachepetsa maselo opanga ma antibodi, koma asanampatse munthu ayenera kuyeza hepatitis B. Pali eltrombopag ndi romiplostim, amene anavomerezedwa ku America mu 2008, ntchito yawo ndi kukankha mafupa kuti apange mapulateleti ambiri kuposa amene akuwonongedwa. Palinso akale otsika mtengo monga azathioprine ndi dapsone. Kenako opaleshoni yochotsa kapamba, imene inayamba mu 1916 ku Prague, ndipo mwa anthu atatu alionse pafupifupi awiri amachira nayo kwa nthawi yaitali.

Nabanda wa ku Matero: Ya kapambayo anandiuzapo ba Tembo, ndinakana. Kwathu ndi ku Chadiza, Khirisimasi iliyonse ndimapita, udzudzu wake mukuudziwa.

A Tembo: Mantha ako ali ndi mutu. Munthu wopanda kapamba malungo amamugwira mwamphamvu, ndi tizilombo tina toyambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi. Amafunika katemera milungu iwiri opaleshoni isanachitike, neti moyo wake wonse, ndipo thupi likangotentha ndi kuchipatala tsiku lomwelo. Mabuku ambiri amalembedwa kumene kulibe malungo, choncho kuno nkhaniyi imafuna kuyeza mbali zonse. Komanso sathamangira kuchotsa chaka choyamba, chifukwa ena amachira okha.

Malume Sakala: Sisita atchula matuza a magazi m'kamwa, zandikumbutsa. Ndili mnyamata ndinamva akuluakulu amene anayenda kumadzulo uko akusimba za matenda otero, munthu wabwinobwino kudzuka m'kamwa muli matuza akuda, kulavula magazi. Ankati n'zolodzedwa.

Chikondi Phiri: Mwina ndi onyalai malume. Anaulemba koyamba dokotala wina dzina lake Wellman ku Angola mu 1904, ndipo wadziwika kwambiri m'chigwa cha Kavango, kumalire a Angola ndi Namibia. Nawonso ndi chitetezo cha m'thupi kuwononga mapulateleti, ma antibodi ake amagwira GPIIb/IIIa yomwe ija. Ofufuza anaganizira kuti mwina choyambitsa ndi nkhungu imene imamera pa mapira ndi mawere osungidwa.

A Tembo: Ndipo pali mankhwala amene amachita zofanana: kwinini, Septrin, rifampicin wa TB. Mankhwalawo akakhala m'magazi ma antibodi amagwira mapulateleti, mukasiya nambala imabwerera pa mlungu umodzi kapena iwiri. Ndiye mukamapita kuchipatala muzinyamula mapaketi onse, ndi mabotolo a zitsamba omwe, manyazi ayi.

Joseph Lungu: Pepani kudula, za chopereka cha maliro a ku Kanyama titumize kwa ndani?

A Zulu (oyang'anira gulu): A Lungu, ndakulemberani kumbali. Pano tipitirize kaye za odwala.

A Daka: Ndakhala ndikuwerenga chete. A Tembo, ndili ndi funso limene ndalisunga kuyambira pamene mayi a kunyumba anatisiya. Iwo sinali ITP, inali khansa ya m'magazi. Poyamba akawaika mapulateleti nambala inkakwera bwino. Patapita miyezi inaleka kukwera, thumba kulowa, m'mawa nambala yomweyo. Mumtima mwanga ndakhala ndikuganiza kuti ankatipatsa matumba owonongeka. Sindinafunse aliyense.

A Tembo: Pepani a Daka. Fayilo yawo sindinaione, koma zimene mwafotokozazi timaziona, ndipo kawirikawiri thumba limakhala labwino. Zifukwa zili magulu awiri. Gulu lalikulu si la ma antibodi n'komwe: thupi kutentha, tizilombo m'magazi, kapamba wotupa, kukha magazi m'kati, mankhwala ena monga amphotericin. Zonsezi zimadya mapulateleti msanga, ndipo odwala khansa ya m'magazi amakhala nazo zingapo nthawi imodzi.

Gulu lachiwiri ndi la chitetezo, koma mosiyana ndi ITP. Apa thupi silikudana ndi zake, likudana ndi za mlendo. Pa maselo athu pali zizindikiro zotchedwa HLA, theka timatenga kwa bambo, theka kwa mayi, ndipo zimasiyana kwambiri munthu ndi munthu. Thupi likakumana ndi HLA ya wina limaisunga m'mutu. Limakumana nayo kuti? Poikidwa magazi, makamaka ngati maselo oyera sanasefedwe m'thumbamo, komanso pa mimba, chifukwa mwana amanyamula HLA ya bambo ake. Ngati mungalole ndifunse, anali ndi ana angati?

A Daka: Asanu.

A Tembo: Ndiye thupi lawo linali litaphunzira kale. Matumba oyamba aja anangolikumbutsa, ma antibodi n'kuchuluka, mpaka mapulateleti a anthu ambiri opereka anayamba kukanidwa. Kusiyanitsa magulu awiriwa timayeza pasanathe ola thumba litatha. Thumba limodzi la munthu wamkulu liyenera kukweza nambala ndi 20 mpaka 40. Ikakwera pa ola loyamba n'kugwa pofika mawa, timaganiza za kutentha thupi ndi zinzake zija. Ikakana kukwera ngakhale pa ola loyamba, kawiri motsatizana, timaganiza za ma antibodi. Mankhwala ake ndi kupeza wopereka amene HLA yake ikufanana ndi ya wodwala, n'kumukhetsa mapulateleti okhaokha pa makina. Izi zimafuna kaundula wa anthu zikwizikwi oyezedwa HLA, ndipo si dziko lililonse lili naye.

Chikondi Phiri: Kusefa maselo oyera kuja kunatsimikizika ndi kafukufuku wa TRAP mu 1997, pa odwala khansa ya m'magazi yomweyo. Amene ankalandira mapulateleti osefedwa ankapanga ma antibodi a HLA mochepa.

A Daka: Zikomo a Tembo. Ana ndiwafotokozera, wamkulu nayenso ankaganiza ngati ine.

Malume Sakala: Koma a Tembo, ngati nkhani ndi kufanana, bwanji osangotenga a m'bale? Magazi amodzi. Kale tinkatero, wodwala akafuna magazi banja lonse pamzere.

A Tembo: Apa ndiye pamene ndimakangana ndi mabanja ambiri malume. Mu ITP ubale suthandiza, ma antibodi amadya a aliyense. Kwa wodwala amene mwina adzafuna kuikidwa mafuta a m'mafupa a m'bale wake, kumuika magazi a m'baleyo n'kumuphunzitsa thupi kudana naye pasadakhale. Mkazi amene adzaberekenso sayenera kulandira a mwamuna wake, chifukwa ma antibodi amene angapange akhoza kudzavutitsa mwana wa bambo yemweyo. Palinso ngozi ina yosowa koma yakupha: maselo oyera a m'bale, chifukwa chofanana pang'ono, thupi la wodwala siliwazindikira kuti ndi alendo, amakhazikika n'kuyamba kumenya wodwalayo. N'chifukwa chake magazi a m'bale amayenera kuwotchedwa kaye ndi cheza asanaikidwe.

Koma abale a amake Dalitso asabwerere kunyumba ndi magazi awo. Apite ku Zambia National Blood Transfusion Service akapereke, alowe m'nkhokwe ya onse. Mapulateleti ndi ovuta kusunga kuposa china chilichonse. Maselo ofiira amakhala m'firiji kupitirira mwezi, pulazima timaumitsa. Mapulateleti salowa m'firiji, amakhala pa madigiri 20 mpaka 24, pa makina owagwedeza usana ndi usiku, ndipo pa masiku 5 atha ntchito chifukwa pa kutentha kumeneko mabakiteriya amaswana. Thumba limodzi la wamkulu limafuna anthu 4 mpaka 6 opereka. Ndiye ana a sukulu akatsekera, amene ndi opereka ambiri, mumadziwa zimene zimachitika.

A Zulu (oyang'anira gulu): Izi ndiye tikhoza kuchita ngati gulu. Tisadikire 14 June, tsiku la opereka magazi padziko lonse. Amene muli okonzeka ndilembereni kumbali tipangane Loweruka.

Amake Dalitso: Ndabwera kuwodi. Ndafunsa monga munanenera. Akuti nkhama zaleka, msambo wachepa, tranexamic anayamba kale dzulo. Brufen ndachotsa. Amuna anga ndi alamu awiri akuti a Zulu awalembe.

Amake Tiyanjane: Pepani, ine funso langa ndi la mwana. Woyamba anabadwa ndi timadontho ndi mikwingwirima thupi lonse, masiku ake okwana, wolemera bwino. Anati mapulateleti ake ali pansi kwambiri, anagona ku ana akhanda, anamuika thumba, anachira. Ine atandiyeza anga anali bwinobwino. Palibe anandiuza chifukwa chake. Tsopano ndili ndi pakati pa miyezi itatu, bambo ndi omwewo. Zimene a Tembo anena za mimba zandiopsa.

Sisita Mwale: Mwachita bwino kulankhula amake Tiyanjane. Choyamba, mwana wakhanda mapulateleti amatsika pa zifukwa zambiri: tizilombo, kubadwa masiku osakwana, BP ya mayi pa mimba, kubanika pobadwa. Mayi wa ITP nayenso ma antibodi ake amawolokera kwa mwana. Koma mwana wa masiku okwana, wooneka wathanzi, mayi ake nambala ili bwino, n'kubadwa ndi timadontho, pamenepo timaganizira china. A Tembo fotokozani za ku labu, ine ndinena za sikelo.

A Tembo: Kupatula HLA, mapulateleti ali ndi mitundu yawoyawo yotchedwa HPA, monga m'mene maselo ofiira alili ndi A, B ndi O. Mwana akatengera kwa bambo mtundu umene mayi alibe, thupi la mayi limapanga ma antibodi, amawoloka n'kukadya mapulateleti a mwana ali m'mimba. Mayi samva kanthu, ake sakhudzidwa. Amati FNAIT. Zimafanana ndi nkhani ya Rhesus imene amayi ambiri mukuidziwa, koma kusiyana kwake n'kwakuti iyi imagwira ngakhale mwana woyamba. Kwa azungu imapezeka pafupifupi mwana mmodzi pa 1,000, ndipo wolakwa kawirikawiri ndi HPA-1a. Kwa ife anthu akuda mitundu imagawika mosiyana, ndipo pali ena amene mapulateleti awo alibe puloteni yotchedwa CD36, nawonso amatha kupanga ma antibodi otere. Kutsimikiza kumafuna magazi a mayi ndi a bambo, ndipo si labu iliyonse imayeza zimenezi.

Chodabwitsa chake, apa lamulo lija la abale limatembenuka. Mapulateleti amene ma antibodiwo sangawagwire ndi a mayi mwini, choncho nthawi zina amatenga a mayi, kuwatsuka kuchotsa pulazima, kuwawotcha ndi cheza, n'kumuika mwana. Akasowa amaika a wina aliyense, osadikira. Ma antibodi a mayi amatha okha m'thupi la mwana pa milungu ingapo.

Amayi amene ali ndi ma antibodi a HPA adziwenso ichi: akadzaikidwa magazi, patapita masiku 5 mpaka 10 mapulateleti awo omwe amatha kugwa mwadzidzidzi. N'zosowa, koma muziuza adokotala mbiri ya mwanayo musanaikidwe magazi.

Amake Tiyanjane: Ndiye uyu ali m'mimbayu zidzamuchitikiranso?

Sisita Mwale: Ngati inalidi FNAIT, mpata wobwereza ndi waukulu, kutengera ngati uyu watenganso mtundu womwewo kwa bambo ake. Choopsa chake ndi kukha magazi m'mutu, ndipo kumatha kuchitika mwana asanabadwe, n'chifukwa chake sitidikira tsiku lochira. Kumene zatsimikizika mayi amalandira IVIG mlungu uliwonse, ndipo nthawi yoyambira imatengera m'mene woyamba zinamuvutira. Mimba yanu si yochirira pa kiliniki ya m'komboni. Ku sikelo mukanene mawu awa: mwana wanga woyamba anabadwa ndi mapulateleti otsika ndipo anaikidwa mapulateleti. Mupemphe kalata yopita ku Women and Newborn ku UTH, chipatala chachikulu cha ku Lusaka, kuti akuoneni madokotala a amayi pamodzi ndi a ana. Iwo ndi amene adzasankhe njira yochirira, kupewa zokokera mwana pamutu, ndi kuyeza magazi a pa mchombo akangobadwa. Khadi la woyamba lija mukadali nalo?

Amake Tiyanjane: Khadi la sikelo ya mwana lilipo, koma kalata yotulukira m'chipatala inatsala kwa apongozi ku Petauke.

Sisita Mwale: Aijambule pa foni mbali zonse ziwiri akutumizireni lero, makamaka pamene analemba nambala ya mapulateleti ndi ngati anamujambula m'mutu. Bambo ake mupite nawo, akhoza kufuna magazi awo.

Amake Tiyanjane: Ali ku Solwezi ku ntchito, abwera kumapeto kwa mwezi. Ndidikire?

Sisita Mwale: Ayi, kalata mukatenge mawa. Iwo adzakupezani muli kale m'buku.